CIFUWA CIMENE MAI WA KU KABWATA ANAKANA KUBISA

Mu mzinda wa Lusaka munthu akagwidwa ndi malungo anansi onse amamva, ndipo madzulo amafika kudzazonda atanyamula phala ndi malalanje. Koma banja likakhala zaka zambiri lopanda mwana palibe amene amabwera kudzazonda. Nkhaniyo imayenda m'manong'onong'o pa mpopi ndi pa maliro, ndipo cala cimaloza mkazi, ngakhale kuti madotolo anapeza kale kuti m'mabanja pafupifupi theka mwa otere bvuto limakhudza mwamunanso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza mu April 2023 kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi bvuto la kusabala pa nthawi ina ya moyo wake. Kuno ku Africa cifukwa cacikulu kwa akazi ndico kutsekeka kwa njira zimene dzira limadzera popita m'cibaliro. Njirazo zimatsekeka ndi matenda amene sanacizidwe msanga, kaya opatsirana pogonana, kaya olowa m'thupi mai atangocira kapena atapita padera.

Kwa mai amene njira zake zinatsekeka, asayansi anapeza polambalala. Pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England kunabadwa mwana wamkazi, Louise Brown, amene dzira la amake linakumanitsidwa ndi mbeu ya atate wake kunja kwa thupi, m'kambale ka m'cipinda copimiramo, mwa nzeru za Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Njirayi imachedwa IVF. Mai amabayidwa jekeseni tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena 12 kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Dotolo amacotsa mazirawo ndi singano yaitali, nawakumanitsa ndi mbeu ya mwamuna, ndipo miluza imene yapangika imaleredwa masiku atatu kapena asanu isanaikidwe m'cibaliro. Kwa zaka zambiri mabanja a mu Zambia ofuna thandizoli anali kukwera ndege kupita ku South Africa kapena ku India. Pambuyo pake zipatala zina za eni ake zinayamba kugwira nchitoyi mu Lusaka momwemo, koma mtengo wake ndi wolemera kwambiri kwa munthu wa malipiro a pamwezi.

Mai amene nkhani yao yalembedwa pano amakhala ku Kabwata, ndipo ndi kalaliki mu ofesi ina ya pa Cairo Road. Dzina lao lasungidwa. Anakwatiwa mu 2011, ndipo pofika mu 2019 anali atamwa mizu ya asing'anga anai, atasala kudya m'mapemphero osawerengeka, ndiponso atamva apongozi ao a ku Katete akunena poyera kuti nyumba yopanda kulira kwa mwana ndi manda. Madotolo atapima anapeza kuti njira zonse ziwiri zinali zotsekeka. Tsono iwo ndi amuna ao anagulitsa puloti imene anagula ku Chongwe, nalowa cilimba ndi anzao a ku nchito, nakongola ndalama zotsala, kufikira zinakwana zoyesera IVF kamodzi kokha pa cipatala cina ca kufupi ndi Woodlands.

Anapangana zoyamba mu April 2020, koma mliri unafika poyamba. Pa 18 March 2020 boma linalengeza kuti anthu awiri ocokera ku France apezeka ndi kacirombo ka korona mu Lusaka. Dzulo lake, pa 17 March, bungwe la madotolo a za ubereki ku America, American Society for Reproductive Medicine, linali litalangiza zipatala kuti zisayambe kupereka thandizoli kwa odwala atsopano, ndipo anzao a ku Europe anapereka langizo lofanana nalo. Pa nthawiyo panalibe munthu wodziwa cimene kacirombo kangacite ku dzira, ku mluza kapena kwa mwana wa m'mimba. Maiwa anauzidwa kuti adikire. Anali ndi zaka 36, ndipo anali kudziwa kuti mazira a mkazi amacepa ndi kufooka mofulumira akapitirira zaka 35. Anadikira caka cathunthu ndi miyezi iwiri.

Jekeseni zinayamba kumayambiriro kwa June 2021, ndipo tsoka lake ndiyo nthawi imene funde lacitatu la mliri, la mtundu wa kacirombo wochedwa Delta, linali kusefukira. Masiku ena anthu oposa 3,000 anali kupezeka ndi matendawa m'dziko muno, mabedi m'zipatala anadzala, mpweya wa okosijeni unabvuta, ndipo boma linatseka masukulu ndi kucepetsa anthu pa maliro ndi m'machalichi. Ndi m'masabata omwewo pamene dziko linali kulira Dr Kenneth Kaunda, amene anamwalira pa 17 June 2021 ku cipatala ca Maina Soko mu Woodlands. Maiwa anali kukwera minibasi yodzala m'mawa uliwonse, nsalu ili kukamwa ndi kumphuno, mankhwala a mtengo wa puloti ali m'cikwama.

Lolemba lina mazira anacotsedwa bwinobwino. Laciwiri uthenga unafika wakuti akumana ndi mbeu ndipo akukula. Tsiku loika mluza m'cibaliro linali Loweruka. Koma Lacitatu usiku maiwa anayamba kumva kuzizira kwa m'mafupa, mutu unalemera, ndipo kutaca anali kutsokomola ndi thupi lotentha.

Mlamu wao wa ku Chelstone, mlongo wa amuna ao, anafika masana a tsikulo naima pa zenera. Iyeyu anali mmodzi mwa acibale owerengeka amene sanawanyozepo, ndipo mau ake anali a cikondi ceniceni.

"Mlamu, musauze munthu. Loweruka m'mawa mudzamwe Panadol, thupi lidzazizira, ndipo kacipangizo kopimira ka pa geti sikadzaona kanthu. Mwabvutika zaka khumi. Kodi mulole cimfine ca masiku atatu cikulandeni mwana?"

Mau amenewa anali okopa, pakuti maiwa anali kuganiza kuti miluza ikapanda kuikidwa pa tsiku lake idzafa, ndipo ndalama zoyambiranso panalibe. Usiku wonse wa Lacinai sanagone. Anaganiza za apongozi ao, amene anali atayamba kale kuchula za mtsikana wina wa kumudzi. Anaganizanso za benci ya pa cipatala paja, pamene amai ena, ena a iwo ali kale ndi pakati pofunidwa zaka zambiri, amakhala moyandikana podikira dotolo, ndi za namwino amene anali kuwagwira dzanja powabaya. Amuna ao, amenenso anali atayamba kutsokomola, ananena mau ocepa m'bandakuca.

"Akazi anga, ndalama zija zinali zanga ndi zanu, ndipo ine sindidzakufunsani za izo. Koma ndikataya inu ndidzafunsa yani? Imbani lamya."

Lacisanu m'mawa anaimba. Dotolo anawamvetsera mpaka anatha, ndipo anawayankha modekha kuti acita bwino kunena, kuti apite akapimitse, ndi kuti miluza yao sidzatayika. Mwa mazira onse aja miluza inai inali itakula bwino, ndipo yonse inai idzaumitsidwa ndi cisanu kufikira iwo atacira. Zotsatira za kupima zinatsimikiza kuti onse awiri anali ndi COVID-19.

Kusunga miluza m'cisanu si nzeru ya dzulo. Mwana woyamba wocokera ku mluza wosungidwa motere m'dziko la Australia anabadwa mu 1984 ku Melbourne. Mluza umaikidwa m'thanki ya nayitulojeni wamadzimadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo m'kuzizira kotero zonse za m'kati mwake zimaima. Sukula, sukalamba, ndipo utha kukhala zaka zambiri. Ndi njira zamakono zoumitsa mwamsangamsanga, miluza yoposa 9 mwa 10 ilionse imatsitsimuka bwino ikasungunulidwa. Tanthauzo lake kwa mai wa zaka 37 ndi lalikulu: mluza umasunga msinkhu wa tsiku limene dzira linacotsedwa. Mwini wake angapitirire kukula, koma dzira lake limakhala pa zaka zomwezo.

Matendawo anawagoneka masabata awiri. Nsima inasanduka ngati dothi m'kamwa, fungo la sopo linasowa, ndipo kuyenda kucoka pa bedi kufika pa khomo kunali ngati kukwera phiri. Anansi anali kusiya mandimu ndi masamba a bulugama ofukizira pa khonde, nathawa. Usiku wina mpweya unacepa kwambiri kotero kuti mlamu uja anayamba kufunsa za bedi ku cipatala ca Levy Mwanawasa pa mseu wa Great East, kumene odwala matendawa anali kugonekedwa, koma kutaca anapezako bwino. Ali cigonere anali kudzifunsa kuti zikanakhala bwanji mluza ukanakhala m'mimba mwao pa usiku umenewo.

Funso lao lili ndi mayankho tsopano amene kunalibe mu 2021. Zimene ofufuza a m'maiko osiyanasiyana apeza zingagawidwe patatu, potsata nthawi imene kacirombo kamgwira mai.

Coyamba, mai amene anadwala kale matendawa mosabvuta kwambiri, nacira, nayamba thandizo pambuyo pake, kawirikawiri sataya kanthu. Kufufuza kocuruka kunaonetsa kuti ciwerengero ca mazira, ubwino wa miluza ndi mwai wotenga pakati zimafanana ndi za amai amene sanadwalepo. Mantha a mu 2020 akuti kacirombo kamaononga mazira kosatha sanatsimikizike.

Caciwiri, kudwala pakati pa thandizo penipeni ndi nkhani ina. Dziko la China litacotsa malamulo ake okhwima mu December 2022, anthu miyandamiyanda anadwala nthawi imodzi, ndipo zipatala za ubereki kumeneko zinatha kuyerekeza odwala ndi osadwala. Ena mwa ofufuzawo anapeza kuti kudwala m'masiku a jekeseni kunacepetsako miluza yabwino koposa, ndipo ena anaona kuti kuika mluza masiku ocepa cabe mai atadwala kunacepetsako mwai wakuti ukhazikike. Si onse amene anapeza zofanana, koma nzeru imene madotolo ambiri anatengapo ndi imodzi: thupi lotentha si munda wobzalamo, ndipo popeza mbeu itha kusungidwa, palibe cifukwa cothamangira. Kunazindikirika kale, mliriwu usanabwere, kuti kutentha thupi kwambiri m'masabata oyamba a pakati kumaonjezera ngozi ya zilema zina za msana ndi ubongo wa mwana, kaya kutenthako kwadza ndi matenda otani.

Cacitatu, ndipo apa ndi pamene pali ngozi yaikulu, ndiko kudwala pakati patakula. Mu April 2021 ofufuza otsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford anafalitsa zimene anapeza mwa amai apakati 2,130 a m'maiko 18. Amene anali ndi COVID-19 anapezeka kawirikawiri ndi matenda a kuthamanga kwa magazi a amai apakati, anali kucira masiku asanakwane, ndipo imfa zinali zocuruka pakati pao kuposa pakati pa anzao. Mu November caka comweco bungwe la Centers for Disease Control and Prevention ku America, litawerenga za amai oposa 1.2 miliyoni amene anacirira m'zipatala, linapeza kuti ngozi yobala mwana wakufa inali pafupifupi kuwirikiza kawiri kwa odwala matendawa, ndipo m'nyengo ya Delta inafika kuwirikiza kanai. Zifukwa zake ndi zomveka. Mwana akamakula cibaliro cimakankhira mapapo m'mwamba pa nthawi imene thupi likufuna mpweya wa anthu awiri, magazi a mai wapakati amaundana msanga, ndipo kacirombo katha kuononga nsengwa, ndiyo ciwalo cimene mwana amadyera ndi kupumira ali m'mimba. Mai wa IVF amafika pa mabvutowa ali ndi katundu kale, pakuti ambiri ndi a zaka zokulirapo, ena amanyamula mapasa, ndipo pakati pa IVF pamakhala kale ndi ngozi yokulirapo pang'ono ya kuthamanga kwa magazi ndi kucira msanga.

Abambo naonso nkhaniyi ikuwakhudza. Mbeu ya mwamuna imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, ndipo kutentha thupi kumaifooketsa. Ofufuza a yunivesite ya Boston anapeza mu January 2022 kuti mwamuna akadwala COVID-19, mwai wa banja wotenga pakati umatsikako kwa miyezi iwiri, kenaka umabwerera.

Atacira, maiwa anakumana ndi yeso lina. Katemera anali atayamba kuperekedwa mu Zambia pa 14 April 2021, koma m'maminibasi ndi m'misika ya mu Lusaka munali mphekesera yakuti amatseka mimba. Kwa mai amene wagulitsa puloti pofuna mwana, mphekesera yotere imaluma kuposa kwa wina aliyense. Anafunsa dotolo wao, nawalangiza kuti alandire asanaike mluza, ndipo mu August anabayitsa. Umboni unabwera pambuyo pake. Ofufuza a Boston aja sanapeze kusiyana kulikonse pa kutenga pakati kwa olandira katemera ndi osalandira, ndipo mwezi womwewo madotolo a cipatala ca Mount Sinai ku New York anafalitsa kuti mwa amai a IVF, mazira, miluza ndi mimba za olandira katemera zinali zofanana ndi za anzao.

Mu October 2021 mluza woyamba unasungunulidwa nuikidwa. Masabata awiri pambuyo pake magazi anapimidwa, ndipo panalibe kanthu. Mlamu wa ku Chelstone sananene mau, koma maiwa anawerenga pa nkhope yake funso lakuti mwina mluza wa Loweruka lija ukanagwira. Palibe munthu angayankhe funsolo. Codziwika ndi cakuti IVF imalephera kawirikawiri kuposa mmene imapambanira, mliri ulipo kapena palibe. Ngakhale ku Britain, mwa amai osafika zaka 35, mluza pafupifupi umodzi mwa itatu ndiwo umafika pobadwa mwana, ndipo mwaiwo umatsika msinkhu ukamakwera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mai wotere kumalipiridwa ndi misozi ndi ndalama.

Analola funde la mtundu wa Omicron la December 2021 lipite, ndipo mu February 2022 mluza waciwiri unaikidwa. Uwu unakhazikika. Miyezi yonse ya pakati sanaphonye sikelo, anasiya kukwera minibasi za m'mawa zodzala, ndipo anapitiriza kubvala nsalu kumphuno pamene anzao mu ofesi anali atasiya. M'mwezi wacisanu ndi citatu magazi anayamba kuthamanga, madotolo anawayang'anira pafupipafupi, ndipo mu October 2022 anacira mwana wamkazi, wocepa thupi pang'ono koma wolira mwamphamvu. Apongozi anafika kucokera ku Katete ndi nkhuku ndi thumba la nshawa.

Nkhani ya mai mmodzi si umboni wakuti aliyense wodikira amalandira. Pa benci ija panali mai wina wa ku Kabulonga, wa zaka zoposa 40, amene anapangana ndi cipatala ca ku Johannesburg kuti akacotse mazira mu 2020. Dziko la South Africa linatseka malire ake kwa alendo kuyambira kumapeto kwa March kufikira pa 1 October caka cimeneco, ndipo pamene anafika kwa madotolo mazira anali atatsala ocepa. Ndalama anali nazo, nyumba ya mpanda anali nayo, koma miyezi imene inapita sinagulike. Kusiyana kwa amai awiriwa kuli poyera. Wa ku Kabwata anadikira miluza yake ili kale m'thanki, kumene nthawi siyenda. Wa ku Kabulonga anadikira mazira ali m'thupi, kumene mwezi uliwonse umacotsapo kanthu. Ndico cifukwa cake mabungwe a madotolo aja, patangopita masabata ocepa mu 2020, anayamba kulola zipatala kutsegulanso mosamala, pozindikira kuti kusabala nako ndi matenda osayenera kukankhidwira kutsogolo kosatha.

Pa 5 May 2023 World Health Organization inalengeza kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Komabe kacirombo sikanathe, ndipo cimfine cacikulu, cimenenso cimagwira amai apakati mwamphamvu monga cinaonekera pa mliri wa 2009, cimabwera ndi mphepo ya June ndi July caka ciliconse. Motero phunziro la m'nyumba ija ya ku Kabwata likali ndi nchito. Mai amene ali pa thandizo la ubereki akamva thupi kutentha, dotolo ayenera kumva tsiku lomwelo, pakuti cobisidwa sicicizika ndipo mluza sufa cifukwa codikira m'cisanu. Za katemera afunse asanatenge pakati. Banja limene lakhala caka osaona mwana lipite kukapimitsa, mwamuna ndi mkazi pamodzi, ku zipatala za boma monga Women and Newborn Hospital ya pa University Teaching Hospital, zaka zisanathere kwa asing'anga. Ndipo acibale acepetse mau, pakuti mantha a apongozi ndiwo anatsala pang'ono kumwetsa maiwa Panadol wa Loweruka lija ndi kuwakhazika pa benci ya amai anzao ali ndi kacirombo m'cifuwa.

Ngongole ya thandizo lija inatha kubwezedwa mu 2024. Miluza iwiri yotsala ikali m'thanki, ndipo caka ndi caka banjalo limalipira ndalama zoisungira. Amuna ao akuti mwana mmodzi ndi wokwanira, pokumbukira kuthamanga kwa magazi kuja. Maiwa sanabvomere ndipo sanakane. Nkhaniyo akuikambirana awiri okha, mwana akagona.